Osowa mapepala ku Joni: kodi umphawi ndi chifukwa chokwanira chophwanyira lamulo?

Bambo Mbewe (Ntcheu):
Abale anga, ndati tikambirane nkhani imene timaizemba pa gulu pano. Chaka ndi chaka mabasi amatsitsa ana athu pa boda ya Mwanza atawathamangitsa ku South Africa chifukwa chosowa mapepala, ena atakhala kaye miyezi ku Lindela, malo osungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Tikamva zimenezi timathamangira kunena kuti boma la kumeneko ndi lankhanza. Koma ine ndifunse. Munthu amudindira masiku 30 pa pasipoti, iye n'kukhala zaka zisanu. Wina sanadzere n'komwe pa boda, wawoloka Limpopo usiku. Wolakwa ndani pamenepa? Umphawi ndikuudziwa, penshoni yanga imatha mwezi usanafike pakati. Koma sindinamvepo kuti umphawi umafafaniza mlandu.

Nangozo (Johannesburg):
Bambo, ndakumvani, ndipo ndiyankha mwaulemu. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene mukuwanenawo. Masiku anga adatha kalekale. Ndimachapa, kusita ndi kulera ana m'nyumba ya anthu, ndipo ndalama imene ndimatumiza ndi yomwe ikuphunzitsa ana anga ku sekondale ndi kugulira mayi anga feteleza. Sindinabe cha munthu, sindinamenye munthu. Mlandu wanga ndi chidindo chotha ntchito basi. Mundiuze, ndikanakhala ku Dedza ndikanawadyetsa chiyani anawo? Kwacha adaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zidakwera, ganyu wa tsiku lonse sakwanira ufa ndi ndiwo.

Bambo Mbewe (Ntcheu):
Mwana wanga, sindinati ndinu wakuba ayi. Ndikuti njira yolondola ilipo. Bwanji osapempha pemiti ya ntchito?

Tiyamike (Pretoria):
Bambo Mbewe, apa mpomwe ambiri kumudzi sadziwa. Njira imene mukunenayo kwa munthu ngati achemwali a Nangozo kulibe. Mmalawi amalowa kuno popanda viza, amam'patsa masiku 30 ngati mlendo wodzacheza, ndipo saloledwa kugwira ntchito. Pemiti ya ntchito amayang'ana masukulu, luso losowa kuno ndi kukula kwa malipiro. Dokotala kapena injiniya angathe kuipeza. Wa m'munda wa maluwa, wa m'nyumba, womanga, wosoka zovala m'mafakitale aang'onoang'ono, alibe khomo lolowera ngakhale atakhala ndi bwana womufuna.

Anzathu a ku Zimbabwe adapatsidwa pemiti yapadera kuyambira cha m'ma 2010, imene lero amaitcha ZEP, ndipo ali nayo ndi anthu pafupifupi 178,000. A ku Lesotho nawo adapatsidwa yawo. Amalawi sitinapatsidweko chinthu chotere.

Tsono taonani msampha wake. Malamulo a 2014 amati ukapitirira masiku osaposa 30, potuluka amakuletsa kubweranso kwa chaka chimodzi. Ukapitirira masiku oposa 30, zaka zisanu. Ndiye munthu amene masiku adamuthera akaganiza zopita kukaona ana, akudziwa kuti sabweranso. Nchifukwa chake anthu amatchona, ena mpaka kulephera kukaika maliro a makolo awo.

Bambo Mbewe (Ntcheu):
Zikomo pondimasulira. Komabe khomo likakhala lotseka, mwini nyumba ndiye watseka. Ali ndi ufulu wotero.

Abusa a Gondwe (Kasungu):
Ndilowepo pang'ono. Anthu a Mulungu timakonda kutola vesi limodzi lotikomera. A Mbewe angathe kutchula Aroma 13, kuti tizimvera olamulira, ndipo salakwa. Koma Malemba omwewo akutiuza kuti Abrahamu adatsikira ku Igupto chifukwa cha njala, ana a Yakobo chimodzimodzi, ndipo Naomi ndi mwamuna wake adathawira ku Moabu njala itavuta ku Betelehemu. Pa Levitiko 19 akulamula kuti mlendo wokhala pakati panu mumukonde monga mudzikondera nokha. Vesi limene ine limandithandiza ndi Miyambo 6:30-31. Likuti anthu sanyoza munthu wakuba chifukwa cha njala, koma akagwidwa amalipirabe. Ndiye zonse ziwiri zikuimirira: sitimunyoza, komanso chilango sichichoka.

Nangozo (Johannesburg):
Abusa, vesi limenelo likunena za wakuba. Ine ndaba chiyani? Ndimagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngati pali wobera mnzake pamenepa, ndi mabwana amene amatilipira mochepera chifukwa akudziwa kuti sitingakadandaule kulikonse.

Abusa a Gondwe (Kasungu):
Zoona mayi, sindinafanizire inu ndi mbala. Ndimafuna kuonetsa kuti ngakhale pa mlandu waukulu kuposa wanu, njala imachepetsa manyazi a munthu. Nanga pa mlandu wa chidindo, kuli bwanji?

Madalitso (Thyolo):
Ndawawerengera agogo aamuna zokambiranazi, ndipo akuti ndilembe mawu awo. Iwo adagwirako ntchito ku migodi nthawi ya Wenela. Akuti: "Nthawi yathu palibe adatitcha olowa mozemba. Eni migodi ankachita kutitsata kumudzi kuno, kutiyeza m'thupi, kutikweza ndege. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi tidalipo oposa 100,000 m'migodi ya kumeneko. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha anzathu oposa 70 akubwerera kwawo, a Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Pambuyo pake TEBA, imene idalowa m'malo mwa Wenela, idayambiranso kulemba anthu, koma idadzasiya mu 1988 atakangana pa nkhani yoyeza magazi. Golide amene adamanga Johannesburg tidakumba ndife. Pamene ankafuna misana yathu, malire anali otsegula. Lero adzukulu athu akutsata njira yomweyo akutchedwa zigawenga. Lamulo limeneli limasintha malinga ndi chimene mwini chuma akufuna." Atero agogo.

Bambo Mbewe (Ntcheu):
Uwapatse moni agogowo, Madalitso. Koma mawu awo akundivomereza ine. Iwo adapita ndi kontirakiti, boma likudziwa, dzina lawo lili m'kaundula. Munthu akafa kumeneko uthenga unkafika kumudzi. Lero mwana amachoka ndi thiransipota, palibe akudziwa kuti ali kuti.

Che Saidi (Cape Town):
Pamenepa a Mbewe anena zoona, ndipo ine ngakhale ndili mbali ya achemwali a Nangozo sindingabise. Kwathu ku Mangochi kupita ku Joni kuli ngati mwambo, mnyamata akangokula maso ali kumwera. Koma amene amabwera pa Khirisimasi ndi njinga yamoto ndi malata sanena zonse.

Wopanda mapepala satsegula akaunti ku banki, ndiye ndalama amasunga m'thumba, ndipo achifwamba amadziwa. Akamubera sapita kupolisi. Lendi amapeza m'malo amene ena akana. Kumbukirani moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Ogasiti 2023, anthu 76 adafa, ndipo Amalawi adalimo ambiri. Kumbukiraninso nyumba imene idagwa akuimanga ku George mu Meyi 2024, anthu 34 adafa, ambiri a iwo ochokera kunja, Amalawi ali momwemo. Zikachitika zotere, kuzindikira mtembo wa munthu amene sadalembedwe paliponse ndi ntchito yowawa. Ife kuno timasonkha ndalama kuti thupi lipite kumudzi, ndipo si kamodzi.

Ndiye ine sindinena kuti umphawi umalungamitsa. Ndimati umphawi umakankha. Ndipo wokankhidwayo ndi amene amalipira kwambiri kuposa wina aliyense.

Tiyamike (Pretoria):
Ndiwonjezere pa zimene anena achemwali a Nangozo za mabwana. Lamulo la kuno la 2002 loona za olowa ndi otuluka likuti wolemba ntchito munthu wopanda mapepala, akudziwa, angathe kumangidwa mpaka chaka chimodzi pa mlandu woyamba. Koma amene timawaona akukwezedwa m'galimoto za apolisi ndi antchito. Ngati lamulo ndi lamulo, ligwire mbali zonse.

Chinanso, kusowa mapepala sikuchotsa ufulu wonse. Mu 2008 khoti la za ntchito lidagamula pa mlandu wa Discovery Health kuti munthu wopanda pemiti akadali wantchito pamaso pa malamulo a ntchito, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito. Ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko lino ikuti palibe munthu angakanizidwe chithandizo chachipatala pa ngozi. Ndipo mu 2019 khoti la ku Makhanda lidati mwana asachotsedwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala. Anthu athu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amene akudziwa amaopa kuonekera.

Nyauhango (Mzimba):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pali chinthu chikundisowetsa mtendere. Tonse tikukamba ngati olowa mozemba ndife tokha. Kuno kwathu mu Okutobala 2022 adafukula mitembo pafupifupi 30 m'nkhalango ya Mtangatanga, anyamata amene apolisi adati ndi a ku Ethiopia. Mu Malichi 2020 anthu 64 a ku Ethiopia adapezeka atafa m'kontena ku Tete, lole itachokera kuno ku Malawi. Mu 2012 ena oposa 40 adamira pa nyanja ku Karonga. Onsewa ankapita komwe achemwali a Nangozo ali, pa chifukwa chomwecho. Akagwidwa amoyo timawatsekera m'ndende zathu zodzaza kale. Ndani pa gulu pano adawadandaulirapo?

Ndipo mu Meyi 2023, pamene apolisi ndi asilikali ankagwira othawa kwawo m'matauni, kuwasunga ku ndende ya Maula n'kukawatula ku Dzaleka, anthu ambiri adaombera m'manja. Ena mwa oombera m'manjawo ali ndi ana ku Joni opanda mapepala. Tifotokozereni kusiyana kwake.

Mayi a Dalitso (Lilongwe):
Achemwali a ku Mzimba, ine ndine mmodzi mwa amene adagwirizana nazo, ndipo sindibisa. Ndili ndi kagolosale. Anthu amenewa amagula katundu pamodzi wambiri, amagulitsa motchipa, ife n'kumangokhala osagulitsa. Lamulo likuti azikhala ku kampu. Adalowa m'dziko muno ngati othawa nkhondo, osati ochita bizinesi. Ana athu ku Joni amagwira ntchito zimene eni dziko safuna. Awa akulanda malonda amene ife tikuwafuna. Kusiyana kwake n'kumeneko.

Nangozo (Johannesburg):
Mayi a Dalitso, mawu amene mwalembawa ndi omwewo amene a Operation Dudula, gulu lofuna kuthamangitsa obwera, amatinenera kuno, osasintha ngakhale limodzi. Akuti tikulanda ntchito, tikutsitsa malipiro, tikudzaza zipatala. Ndipo musaganize kuti eni dziko safuna ntchito ya m'nyumba. Amaifuna. Kuno anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito sakuipeza. Mayi wa ku Soweto amene ndimakwera naye takisi ali ndi ana ngati ine. Ndikawerenga zimene mwalemba thupi langa lachita tsembwe, chifukwa mawu amenewa ndi amene amatsogola, kenako pamabwera zikwanje. Mu 2008 adapha anthu 62. Mu 2015 boma lathu lidachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ku Durban.

Mayi a Dalitso (Lilongwe):
Ine sindinamenye munthu, achemwali. Ndangoti lamulo litsatidwe.

Nangozo (Johannesburg):
Ndikudziwa kuti simunamenye. Koma ngati lamulo litsatidwe kwa iwo, litsatidwenso kwa ine. Mukuvomera kuti andinyamule mawa?

Tiyamike (Pretoria):
Tiyeni tione lamulo limene Mayi a Dalitso akunenalo. Malawi adasaina pangano la 1951 la othawa kwawo, koma adakana ndime zina, kuphatikizapo ufulu woyenda ndi wogwira ntchito. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989. Kampu ya Dzaleka idatsegulidwa mu 1994 pamalo amene kale inali ndende, ndipo idakonzedwera anthu pafupifupi 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000, ochokera ku DRC, Burundi, Rwanda ndi kwina. Thandizo la chakudya la WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, lakhala likuchepetsedwa chifukwa chosowa ndalama. Alipo anyamata ndi atsikana amene adabadwira momwemo, akula, amalankhula Chichewa ngati ife, koma saloledwa kufuna ntchito kunja kwa mpanda. Bambo wa ana asanu akatuluka kukatsegula kaokala ku Mchesi kapena ku Area 25 waphwanya lamulo, inde. Koma wachita ndendende zimene adachita achemwali a Nangozo.

Abusa a Gondwe (Kasungu):
Tisaiwalenso kuti tidakhalapo anthu ena. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino lidasunga anthu oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje, Dedza, Ntcheu ndi Mulanje ambiri ankakhala m'midzi momwemo, mafumu n'kuwapatsa malo olima. Tinali osauka kuposa lero.

Bambo Mbewe (Ntcheu):
Zimenezo ndidaziona ndi maso anga, Abusa. Kuno malire ndi msewu chabe, ndipo ana a othawa nkhondo ndidawaphunzitsa m'kalasi limodzi ndi ana athu. Koma wothawa mfuti ndi wothawa njala malamulo a dziko lonse lapansi amawasiyanitsa. Woyambayo akabwerera aphedwa.

Ine a Nyauhango sangandigwire pa tsankho, chifukwa chimene ndikunena kwa mwana wathu ku Joni ndikunenanso kwa wa ku Burundi kuno. Chimene ndikuopa ndi ichi: tikavomera kuti wovutika aliyense ali ndi ufulu wosankha lamulo loti aphwanye, tilekezera pati? Woba mankhwala m'chipatala amati malipiro ndi ochepa. Wootcha makala m'nkhalango yotetezedwa amati ana ali ndi njala. Wa pa boda wolandira chiphuphu amatero. Dziko lathu lafika pamenepa chifukwa aliyense ali ndi chifukwa chake.

Nyauhango (Mzimba):
Bambo, polekezera palipo, ndipo sipovuta kupaona. Woba mankhwala wapha wodwala amene adawasowa. Thiransipota wotsekera anthu m'kontena wapha. Wa pa boda wolandira ndalama kuti lole idutse osaitsegula ali nawo magazi a anthu a ku Tete aja. Koma mayi wochapa zovala chidindo chitatha, kapena bambo wogulitsa sopo kunja kwa Dzaleka, wavulaza ndani? Malamulo onse salemera mofanana. Makhoti omwe amadziwa, nchifukwa chake zilango zimasiyana.

Che Saidi (Cape Town):
Achemwali, ndikugwirizana nanu, koma tisanene kuti palibe wovulala ndi mmodzi yemwe. Kuno malipiro otsikitsitsa mwalamulo adafika R28.79 pa ola mu Malichi 2025. Mnyamata wofika kumene, ngongole ya thiransipota ili pakhosi, amavomera theka la ndalama imeneyo. Bwana akazolowera, mwini dziko wofuna malipiro oyenera samulembanso. Amavulalanso ndi Mmalawi mnzake amene adafika kale. Wopindula ndi bwana yekha. Ndiye mkwiyo wa anthu a m'malokeshoni uli ndi pochokera, kungoti amaulozetsa kwa munthu wolakwika. Mankhwala ake ndi mapepala. Munthu wa pemiti savomera theka, ndipo amakhoma msonkho.

Tiyamike (Pretoria):
Ndipo apa ndiye pamene boma lathu liyenera kufunsidwa. Lidatha kukambirana ndi Israel mpaka achinyamata oposa 200 adakwera ndege mu Novembala 2023 kukagwira ntchito m'minda. Kaya mgwirizanowo unali wabwino kapena ayi ndi nkhani ina, koma zikuonetsa kuti zokambirana zotere zimatheka. Nanga kuno, kumene kuli Amalawi ochuluka zedi, bwanji osalimbikira pemiti ngati ya anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho? Koma tizidziwa kuti pokapempha zimenezo adzatifunsa mmene tikusungira alendo athu.

Mayi a Dalitso (Lilongwe):
Atawapatsa mapepala, azikhoma msonkho ndi kulipira layisensi ngati ine, mwina ndingamve. Chimene chimandiwawa ndi kupikisana ndi munthu amene sakudziwika. Koma malonda aang'onoang'ono ngati okala asiyire ife. Pamenepo sindisuntha.

Yamikani (Mulanje):
Akuluakulu, pepani kulowerera. Ine nkhaniyi si yongokambirana. Namondwe wa Freddy adakokolola munda wathu mu Malichi 2023, ndipo mpaka lero pamalopo ndi miyala yokhayokha. Ndili ndi satifiketi ya Fomu 4 koma ntchito kulibe. Ngakhale nditaipeza, malipiro otsikitsitsa a K126,000 pa mwezi amene adakhazikitsa mu 2025 angasunge anthu asanu ndi mmodzi? Pali thiransipota wina akuti anditenga popanda pasipoti, ndikamulipira ndikayamba ntchito. Bambo Mbewe, mukanakhala bambo anga mukanandiuza chiyani?

Bambo Mbewe (Ntcheu):
Ndikanakuuza kuti usakwere galimoto imeneyo, mwana wanga. Sindingakuuze kuti khala ufe ndi njala, pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo. Koma munthu wopanda pasipoti ali m'manja mwa amene wamunyamula.

Nangozo (Johannesburg):
Apa ine ndi Bambo Mbewe tili pamodzi. Achimwene, zoti mukalipira mukafika ndiye ukapolo umene. Amakusungani m'nyumba mpaka abale atumize ndalama, kapena kukuperekani kwa bwana amene malipiro anu azipereka kwa iwo. Pa Limpopo pali achifwamba amene amadikirira anthu odzera kutchire, ndipo nthawi ya dzinja madzi amatenga anthu. Ine sindingakuletseni kubwera, ndingakhale wachinyengo. Koma musabwere choncho.

Che Saidi (Cape Town):
Yamikani, mvera. Choyamba pasipoti. Mtengo wake adautsitsa mu 2024 kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, ukafunse ku ofesi ngati sunasinthe, ndipo ukalipire wekha, osadzera kwa madobadoba. Ukwere basi yodziwika, udinditse wekha pa Mwanza ndi Zobue, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge. Pasipoti yako usapatse munthu kuti akusungire, kaya dalaivala kaya bwana. Usanyamuke wopanda m'bale wokulandira amene makolo ako akumudziwa, ndipo ukhale ndi ndalama yobwererera. Udziwenso kuti masiku 30 amenewo si chilolezo cha ntchito, ndipo akatha udzakhala pamene pali achemwali a Nangozo, ndi zonse wawerenga pamwambapa.

Yamikani (Mulanje):
Ndamva, akulu. K50,000 ndilibe, koma pali mbuzi ziwiri za mayi. Ndikambirana nawo madzulo ano.

Abusa a Gondwe (Kasungu):
Usanagulitse mbuzi za mayi ako, undiimbire. Kuno nyengo ya fodya anthu amafuna antchito, ndipo pali mkulu wa mpingo amene ndingamufunse. Ndalama yake si ya ku Joni, koma ingakugulire pasipoti osakhudza khola.